A Daka Ankajambulira Panja

A Yotamu Daka anamwalira m'nyengo ya mphepo, mitengo ya jakaranda isanachite maluwa, ndipo ife tinakhala pa nyumba ya maliro ku Kabwata tikudikira yankho la funso limodzi: kodi mpingo uwaimbira kapena ayi? Bokosi linali litafika, lole itapezeka, manda atakumbidwa. Koma akulu a mpingo anali chikhalire m'kachipinda kawo, ndipo amayi anzanga anabwera pamaliro atavala zitenje wamba, mabulauzi oyera a yunifolomu atawapinda m'zikwama, poti sankadziwa ngati adzaloledwa kuwavala. Chifukwa chake panalibe wosachidziwa. A Daka anali ndi akazi awiri, ndipo dzina lawo linachotsedwa mu mpingo kalekale. Kwa ife munthu wotero mtembo wake sulowa m'tchalitchi, ndipo abusa samuperekeza kumanda.

Ine ndine telala. Shopu yanga pamsika inagundana khoma ndi kasitudiyo ka a Daka kojambuliramo zithunzi, choncho ndinawaona tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, ndipo sindinasiye kudabwa nawo. Anali aatali, oonda, oyenda pang'onopang'ono ngati munthu amene wasenza madzi odzaza. Jekete lawo la khaki linali la matumba ambirimbiri, ndipo onsewo ndinawasokapo ine, ena kangapo. Kamera ankaikulunga m'chidutswa cha bulangete ngati mwana wakhanda. Minibasi sankaikonda. Ankati munthu wokwera galimoto amafika msanga koma amafika alibe chimene waona.

Ojambula m'tauni analipo ambiri, makamaka ku Cairo Road, koma a Daka ankadziwika ndi zinthu zakale: matchalitchi, zipilala, nyumba zaboma za nthawi ya atsamunda, ndi anthu akuluakulu amene amakonda kuima patsogolo pa zinthu zoterozo. Chimene chinkawasiyanitsa ndi anzawo chinali funso limodzi. Asanatulutse kamera m'bulangete muja ankayamba afunsa anthu apamalopo kuti, "Nanga amene amachiyang'ana kwambili chinthu ichi, amaimilila pati?" Akauzidwa, ankapita kukaima pomwepo, n'kujambula kamodzi kokha. Ankati filimu si madzi a pampopi, ndipo wojambula kawiri ndiye kuti poyamba paja sanayang'ane.

Zotsatira zake zinali zachilendo. Chipilala chija cha ufulu, cha munthu wodula maunyolo, aliyense amachijambula chakumaso. Iwo anapitako m'mawa kangapo mpaka anapeza mayi amene ankasesa pamenepo, amene ankayambira ntchito yake chakumbuyo kwa chipilalacho. Chithunzi chinatuluka cha msana waukulu, unyolo ukulendewera, tsache litatsamira pansi. Ine ndinawaseka kuti ajambula ufulu ukutithawa. Sanaseke nane. Anangoti mayiyo amaudziwa msana umenewo kuposa mmene nduna iliyonse imadziwira nkhope yake. Tchalitchi chachikulu chija cha magalasi amitundumitundu anachijambulira pa siteji ya basi pamene amayi ogwira ntchito m'mayadi a ku Kabulonga amadikirira. Pamenepo umaona nsonga yokha pamwamba pa mitengo, ndi mawaya a magetsi atadutsa pakati. Poyamba ndinkati nkhalambayi ikungodzivuta. Kenaka tsiku lina ndili pa siteji yomweyo ndinakweza maso, n'kuona chithunzi chawo chili chiimire pamaso panga.

Akuluakulu nawonso sankawasiyanitsa ndi zipilala. Akaitanidwa ku msonkhano kapena ku phwando ku Woodlands, ankakaima pambali pa dalaivala wa bwanayo, poti dalaivala ndiye amakhala akuyang'ana bwana wake tsiku lonse. Nduna ina anaijambula itangomaliza kulankhula, itakhala pansi, nsapato imodzi itavula pansi pa tebulo, ikusisita phazi. Anthu a mu ofesi yake anachibweza chithunzicho ndi mawu oipa. Patapita masiku, galimoto inaima pamsika, n'kutuluka mayi wonenepa wa mafuta onunkhira. Anachiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Uyu ndiye mwamuna wanga. Uja wa mu nyuzi sinimuziba." Anachiika m'chikwama n'kupita nacho.

Boma litasintha, zipani zitachuluka, kunabuka ntchito yatsopano imene ojambula ena anadyerapo bwino. Anthu amene kale ankanyadira kuti anajambulidwa ndi mkulu wa chipani chakale anayamba kubwera mozemba, zithunzi atazibisa m'malaya, kuti mkuluyo adulidwepo. Ku Cairo Road sizasi zinkalira ngati kwa ine kuno. A Daka ankakana. Ndinkawamvera kuseri kwa khoma.

"Ba Daka, chosanipo chabe uyu ali ku lefiti. Manje zinthu zinachinja."

"Tsiku lija anali pamenepo kapena sanalipo?"

"Analipo, koma..."

"Ndiye alipo. Pitani kwa a sizasi."

Ena ankachoka akutukwana, ndipo anzawo apamsika ankati a Daka ndi a chipani chakale. Iwo analibe chipani. Sipanapite nthawi, akuluakulu ena odulidwa aja anawolokera ku chipani chatsopano n'kukhalanso mabwana, ndipo anthu omwe aja anabwerera kudzafunsa ngati negetivi yathunthu ikadalipo. Inalipo. Ankawatsukira chithunzi chathunthu, ndevu zawo zikugwedezeka, ndipo ine ndinkadziwa kuti akuseka.

Lamulungu lililonse a Daka ankakhala pansi pa mtengo wa mango, chakumbali kwa tchalitchi chathu chakale, pa kampando kopinda, kamera ili pamiyendo. Ankafika belu lisanalire. Ine ndinasamukira ku Kabwata nkhani yawo itazizira kale, ndiye ndinkangoti ndi wamalonda wochenjera amene akudikira kuti tituluke titatchena atijambule. Ndipo tikatuluka ankatijambuladi: ana obatizidwa, akwati, amayi a yunifolomu yatsopano. Chimene sindinadzifunse n'chakuti munthu wodikira makasitomala a masana amalawiriranji m'mawa chotero, ndipo amakhaliranji kumbali, kusiya kukhomo kumene anthu amatulukira. Ine wofunsafunsa ngati ine, funso limenelo linandidutsa.

Tchalitchicho anamanga ndi makolo ochokera kum'mawa, ku Katete ndi ku Chadiza, amene anabwera kudzagwira ntchito m'tauni nthawi ya atsamunda. Njerwa anaumba okha, Loweruka masana akaweruka. Chinali chaching'ono, chotentha m'chilimwe, chodontha m'dzinja, koma khomo lake linali lokongola: chitseko cha mlombwa, pamwamba pake mtanda wa njerwa zofiira. Amene anamanga khomolo anali bambo awo a Ngoma, ndipo a Ngomawo ndiwo anali mkulu wa mpingo woopedwa kwambiri, munthu wamfupi wa mawu aakulu, amene ankati akatsokomola ana a kwaya amaleka kunong'onezana.

M'zaka zimenezo matchalitchi atsopano ankamera paliponse, m'makalasi a sukulu, m'maholo a kanema, ali ndi magitala ndi zokuzira mawu, ndipo achinyamata athu anayamba kutha. Akulu anagwirizana zogwetsa chakalecho kuti pamalo pomwepo pamangidwe chachikulu. A Ngoma anavomera ndi mtima wolemera, koma anapempha chinthu chimodzi: chisanagwe chijambulidwe bwino, chithunzi chachikulu cha m'felemu chidzapachikidwe m'chatsopanocho. Wodziwa ntchito yotero analipo mmodzi. A Ngoma anabwera okha pa kasitudiyo kaja, ngakhale anthu awiriwa anali asanapatsane moni weniweni kwa zaka.

"A Daka, tifuna chithunzi cha nyumba ya Mulungu. Chimodzi, chabwino. Lolemba tiyamba kuchotsa malata."

"Ndamva, a Ngoma."

Anangolankhulana zomwezo. Ine ndinali nditaimitsa makina kuti ndimve zambiri, koma zambiri panalibe.

Masiku amenewo filimu ya kala, ya zithunzi zamitundu, inkatsukidwa m'tauni, ndipo chithunzi chachikulu chinkatenga nthawi. Pamene a Daka anachibweretsa, chokulungidwa m'pepala la khaki, pamalo pa tchalitchi panali mulu wa njerwa ndi fumbi. Tinkapempherera m'chisakasa. Mapemphero atatha, a Ngoma anatiitana tonse kuti tione, n'kung'amba pepalalo pamaso pathu.

Khomo panalibe. Chitseko cha mlombwa panalibe, mtanda wa njerwa zofiira panalibe. Panali khoma la kumbali, laimu atasupuka, ndi zenera limodzi lotsegula, galasi lake limodzi lomatidwa ndi katoni. M'zeneramo munkaoneka misana ya anthu ndi maduku a amayi, ndi dzanja la woimbitsa nyimbo lili m'mwamba. Abusa sankaoneka n'komwe. Pamwamba pa chithunzicho panalowa nthambi ya mango.

A Ngoma anatembenukira kwa a Daka. "Ichi n'chiyani? Khomo la atate anga lili kuti?"

"Munati ndijambule tchalitchi."

"Ichi ndi tchalitchi? Ichi n'chipupa cha kumbali! China chili kuti? Simunajambule china?"

"Ndimajambula kamodzi, a Ngoma. Mudziwa."

"Mwachita dala! Mwabwezela!"

A Daka anavula chipewa. Mawu awo sanakwere. "Ndinafunafuna amene amachiyang'ana kwambili. Inu mumalowa, mukhala pansi, muyang'ana abusa. Amene anali kuchiyang'ana Sande iliyonse, kuyambila belu mpaka ameni, ndinapeza kuti ndine. Tchalitchi chimene ndidziwa ine ndi ichi."

Ndisaname, tsiku limenelo ine ndinali mbali ya a Ngoma. Pa khomo limenelo ndi pamene ndinaima tsiku la ukwati wanga, ndipo pamenepo ndi pamene tinatulutsira bokosi la amayi anga. Nkhalamba imodzi youma mutu inatilanda tonse khomo lathu chifukwa cha lamulo lake la kajambulidwe, ndipo panalibenso kobwerera. Mpaka lero ndikafuna kukumbukira mmene mtanda uja unakhalira ndimachita kutsinzina, ndipo chaka chilichonse umanka nuzimirira. Sindinawapatse moni kwa milungu ingapo. Jekete lawo litang'ambika thumba, ndinawauza kuti ulusi wa khaki wandithera. A Ngoma analumbira kuti chithunzicho sichidzaona khoma la tchalitchi iwo ali moyo, ndipo anachitsekera m'kabati ya m'kachipinda ka akulu.

Koma mkwiyo wanga sukhalitsa pamene pali chinthu chimene sindikuchimvetsa. M'chithunzi muja, pafupi penipeni ndi zenera, ndinali nditazindikira duku loyera la Amake Yohane, mkazi wamkulu wa a Daka. Iwo anali mkhristu wathunthu, poti mkazi woyamba sakhala ndi mlandu. Mayi ameneyu tinkamudziwa ndi khalidwe limodzi lotopetsa: mpando wa pazenera umenewo sankalola munthu wina kukhalapo, ndipo zeneralo ankalitsegula ngakhale mu Juni, ife mano akugundana ndi kuzizira. Tinkamunena kuti ali ndi moto m'thupi. Tsiku lina atabwera kudzayesa diresi, ndinawafunsa mapini ali kukamwa.

Anaseka. "Manje nikatseka windo, ba Daka azamvela kuti ulaliki? Na nyimbo nimaimbila ku windo, kuti azibe pamene tafika."

Ndiwo anandifotokozera zonse. Mng'ono wawo wa a Daka anafa pa ngozi ya galimoto, n'kusiya mkazi, Amake Tisa, ndi ana ang'onoang'ono. Achibale anabwera kumaliro n'kusesa m'nyumba monse, mpaka mapoto ndi mabulangete. Akuluakulu akumudzi anagamula kuti a Daka alowe chokolo, ndiko kuti atenge mkazi wa malemuyo akhale wawo, ana akule pa dzina la banja. A Daka anazengereza. Amene anawakankha anali Amake Yohane eniake, ataona ana aja akugona pa masaka. Mpingo unadikira kuti mwina ndi kusunga mlamu chabe, koma kenaka kunabadwa kamtsikana. A Ngoma anatumidwa ndi mawu: Amake Tisa apite kumudzi, kapena a Daka aime pamaso pa akulu avomere kuti analakwa ndipo asiya. A Daka analoza khanda lija n'kufunsa ngati a Ngoma akufuna kuti alidule pa chithunzi.

Khomo la tchalitchi panalibe anawatsekera. Kumbuyo kunali benchi ya anthu a pa chilango, ndipo akanatha kukhalapo. Koma iwo ankati benchi imeneyo ndi ya anthu amene akupepesa, ndipo kukhalapo usakupepesa ndi kunama ndi matako. Kuchoka n'kupita ku matchalitchi atsopano aja, amene sakanawafunsa n'komwe za akazi, ankakananso. Ankati munthu sasintha mayi chifukwa mayiyo wamumenya. Amake Tisa, amene nawonso anachotsedwa, ankangokhala pakhomo Lamulungu, akuchapa, chifukwa cha manyazi. A Daka anasankha mtengo wa mango.

Nditamva zimenezi ndinapeza ulusi wa khaki. Sindinawauze kuti ndawakhululukira za khomo lija, chifukwa sindinawakhululukire kwenikweni, koma thumba ndinalisoka.

Tchalitchi chatsopano chitatha, mtengo wa mango unali utadulidwa kuti magalimoto apeze poima. Kuba kunali kutachuluka m'tauni, ndiye akulu anamangitsa mpanda wautali wa mabuloko kuzungulira, pamwamba pake magalasi osweka, kutsogolo geti lachitsulo. Mazenera atsopanowo anali m'mwamba, munthu wokhala pansi sangawafikire. Ndinkaganiza kuti basi a Daka aleka. Lamulungu loyamba ndinawapeza kunja kwa mpanda, chakumbali komwe kuja, atakhala pa buloko imene inatsala pomanga, akuyang'ana simenti. Maso anali atayamba kuchita nkhungu, ndipo achinyamata a makamera atsopano anali atawalanda makasitomala. Ankabwerabe belu lisanalire, kamera ili m'bulangete, ngakhale masiku ena munalibe filimu.

Tsono pamaliro paja, dzuwa litapendeka, tinaona a Ngoma akubwera ndi ndodo yawo. Akanatha kutuma mkulu wina wocheperapo, koma anabwera okha. Analowa m'chipinda mmene amasiye awiri aja anakhala pa mphasa imodzi, n'kugwada movutikira.

"Amayi, tayesa. Lamulo ndi lamulo. Thupi silizalowa, abusa sazabwela, yunifolomu isavalidwe."

Amake Tisa analira mokweza. "Ni ine! Ni ine ninawaonongela!" Amake Yohane anawagwira pakamwa ngati mwana, n'kuuza a Ngoma kuti amva. Ine mtima unandiwawa kwambiri, ndipo ndinatuluka panja kuti ndisanene mawu amene ndikanadzawapepesa. A Ngoma potuluka anaima pa dalaivala wa lole n'kumufunsa kuti mawa adzera msewu uti. Atauzidwa, anati msewu umenewo uli ndi maenje, adzere wa kutchalitchi.

M'mawa mwake lole inadzeradi kumeneko, ife tili pambuyo ndi bokosi, tikuimba tokha nyimbo zosalongosoka. Titafika pa mpanda uja tinapeza geti lili chitsegukire mbali zonse ziwiri, a Ngoma ataima pakati pake, chipewa chili m'manja. Anakweza ndodo, lole n'kuima. Mazenera onse a m'mwamba aja anali otsegula, ndipo makwerero amene anakwerapo wotsegulayo anali akadatsamira khoma. M'katimo kwaya yonse inali ikuimba nyimbo ya maliro, ija timaimbira akhristu athunthu. Linali tsiku la ntchito, koma mawu anali ambiri moti ena ayenera kuti anajomba.

Mkulu wina wa mpingo, wachinyamata, anathamangira kwa a Ngoma. "Ba Ngoma, si mwamene tinapangana!"

"Thupi lalowa?"

"Iyai."

"Abusa mwawaona? Yunifolomu mwaiona? Awa ni ana, ali pa pulakatisi ya nyimbo. Kuli lamulo loletsa pulakatisi?"

Amuna anatsitsa bokosi n'kuliika pansi, pafupi ndi buloko ija. A Ngoma sanatuluke pa geti, ndipo ife sitinalowe. Anaimba nawo ali pomwepo, ndi mawu aakulu aja amene tsopano anali osweka, mavesi onse mpaka kumapeto. Nyimbo itatha anavala chipewa n'kubwerera m'kati, ife n'kukweza bokosi kupita kumanda. Kumeneko pemphero anapereka Yohane, mwana woyamba wa a Daka. Ngati amenewo anali maliro a mpingo kapena ayi, anthu akutsutsanabe mpaka lero, ndipo ine ndimayankha malinga ndi amene wandifunsa.

Mwezi usanathe akulu anatumiza mawu kwa Amake Tisa kuti popeza mwamuna wamwalira, mitala yatha, mlandu palibenso, akhoza kubwerera. Lamulungu limenelo ndinawaona akubwera awiriwiri, onse ovala zakuda. Atafika pa buloko ija Amake Tisa anaima. Amake Yohane anawagwira pa mkono n'kuwakoka, ndipo analowa pa geti.

Ine sindinalowe. Ndinafuna kudziwa, monga mwa khalidwe langa, ndiye ndinayala chitenje pa buloko n'kukhalapo. Malowo ndi opanda mthunzi. Pansi pamene ankaponda mapazi dothi linalimba ngati lopaka, udzu sumerapo. Mayi wogulitsa mtedza amene amakhala chapafupi anasendeza beseni lake kuti lisafike pamenepo, ngakhale mwiniwake kulibe. Kutsogolo kulibe choona koma mabuloko otuwa, ndi kadenga ka malata pamwamba pake. Mazenera anali atatsekedwanso. Belu linalira, ndinalimva. Kenaka ndinatchera khutu kudikira nyimbo yoyamba. Kumbuyo kwanga anyamata a minibasi ankakuwa za ku tauni, kusukulu kuja magitala a mpingo watsopano anali atayamba, ndipo kuchokera m'kati mwathu munkangobwera kaphokoso kakutali, kosadziwika kuti ndi nyimbo iti. Ulaliki sindinamve ngakhale liwu limodzi. Ndinadziwa kuti mapemphero atha nditaona geti likutseguka.

Kuyambira pamene mpanda unamangidwa, zimene a Daka ankalawirira Lamulungu lililonse zinali zimenezo.